Tisankhe katswiri uti wotimangira dongosolo la ngongole za alimi pa intaneti?

Nabanda, Mchinji | Lolemba, 7:52 m'mawa

Ndikupereka moni kwa nonse a pagulu pano. Ine ndine mlembi wa kopaletivi ya alimi a mtedza ndi soya kuno ku Mchinji, ndipo ndabwera ndi nkhani imene komiti yathu yalephera kuimanga pa misonkhano iwiri yotsatizana. Tili ndi mamembala oposa 800 amene amatenga mbewu ndi feteleza pa ngongole mvula ikayandikira, kenako n'kumabweza pang'onopang'ono akakolola. Ambiri tsopano amabweza kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo msungichuma wathu amakhala madzulo onse akufananiza mauthenga a pa foni ndi zolembedwa m'kaundula, kenako n'kukopera zonsezo mu Excel. Chaka chathachi kunabuka mikangano ingapo chifukwa alimi ena ankanenetsa kuti analipira pamene ife sitinkawaona m'mabuku, ndipo titafufuza tinapeza kuti ankatumiza ndalama pa foni za ana awo kapena kudzera kwa ejenti wa pamsika.

Komiti inagwirizana kuti tipeze katswiri wotimangira dongosolo loti ndalama zikalowa zizidziwika zokha kuti ndi za ndani, ndipo mlimi azilandira uthenga womuuza ngongole imene yatsala. Talandira makalata atatu. Woyamba akuti atimangira pa WordPress, ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri. Wachiwiri akuti agwiritsa ntchito Laravel ndi MySQL, alemba chimene akuchitchula kuti API, ndipo mtengo wake ndi wowirikiza katatu wa woyambayo. Wachitatu ndi kampani imene yatchula React, Node.js, Kubernetes ndi microservices, yationetsa zithunzi zokongola zedi, koma mtengo wake aulemba m'madola.

Ndiyenera kunenanso kuti tinapsapo kale. Zaka zitatu zapitazo mnyamata wina anatipangira webusaiti n'kulembetsa domain (dzina limene webusaiti imadziwika nalo pa intaneti) m'dzina lake, ndipo atasamukira kunja webusaitiyo inazima, ife osadziwa n'komwe kumene inkasungidwa. Safunsa anadya phula, n'chifukwa chake ndikufunsa kuti mwa atatuwa titenge uti, ndipo tiyang'ane chiyani tisanasaine.

A Mbewe, Lilongwe | Lolemba, 9:10 m'mawa

Mayi, mwachita bwino kufunsa cholembera chisanafike pa pepala. Ndiyamba ndi woyambayo. WordPress ndi pulogalamu yabwino, anaiyambitsa Matt Mullenweg ndi Mike Little mu 2003, koma inapangidwira kufalitsa nkhani ndi zithunzi. Mukanakhala kuti mukufuna tsamba lofotokoza za kopaletivi, mitengo ya mtedza ndi malo a ofesi, ndikanakuuzani kuti mutenge ameneyo lero lomwe. Koma inu mukufuna kaundula wa ngongole, ndipo kuti WordPress igwire ntchito imeneyo katswiriyo ayenera kuunjikamo ma plugin, tizidutswa towonjezera pa pulogalamuyo, olembedwa ndi anthu osiyanasiyana, aliyense wosintha yake pa nthawi yake. Tsiku limene plugin imodzi idzasiye kumvana ndi inzake, ngongole za alimi 800 zidzakhala zili m'kati momwemo.

Mawu akuti API asakuopseni. Ndi khomo limene mapulogalamu awiri amalankhulirana popanda munthu pakati. Mlimi akalipira, kompyuta ya kampani ya foni, kapena ya kampani yolumikiza malipiro, imatumiza uthenga ku seva yanu, kompyuta imene dongosolo lanu likukhalapo, wonena kuti nambala yakutiyakuti yalipira ndalama zakutizakuti, ndipo seva yanu imayankha kuti yamva n'kulemba m'kaundula. Uthengawo kawirikawiri umalembedwa mu JSON n'kuyenda pa HTTPS, njira yotetezedwa ya pa intaneti, motsatira kamangidwe kotchedwa REST kamene Roy Fielding anakafotokoza mu 2000. Ntchito imene msungichuma wanu amagwira madzulo ndi yomweyo, kungoti makina amaigwira nthawi yomweyo ndalama zikalowa.

Laravel, imene Taylor Otwell anaitulutsa mu 2011, ndi pulogalamu yomangira madongosolo m'chinenero cha makompyuta cha PHP, ndi yaulere, ndipo ndi yoyenera ntchito ya kukula kwa yanuyi. Chimene ndimaikondera ine n'chakuti achinyamata odziwa PHP sasowa kuno ku Lilongwe ngakhale ku Blantyre, choncho katswiri wanu akachoka simudzavutika kupeza wina wopitiriza. Kampani yachitatuyo sindikunena kuti ikukunamizani, koma Kubernetes inachokera ku Google mu 2014 n'cholinga choyendetsa mapulogalamu ambirimbiri pa makina ochuluka nthawi imodzi. Inu muli ndi alimi 800 amene ambiri amalipira miyezi yochepa pa chaka. Kumeneko n'kugula thirakitala polima dimba la mpiru, ndipo mafuta ake mudzagula ndinu mwezi ndi mwezi.

Naphiri, Blantyre | Lolemba, 12:34 masana

Ndikugwirizana ndi a Mbewe pa za WordPress ndi Kubernetes, ngakhale kuti ine ndikanasankha Django, pulogalamu ina yomangira madongosolo ngati Laravel. Inabadwira ku nyuzipepala ya Lawrence Journal-World ku Kansas, inatulutsidwa poyera mu 2005, ndipo imabwera kale ndi tsamba la oyang'anira pamene mlembi angathe kufufuza membala, kukonza dzina lolakwika ndi kuona mbiri ya malipiro popanda katswiri kulemba zonsezo kuyambira pachiyambi. Komanso mtundu wake wa LTS, wosamalidwa nthawi yaitali, umatuluka zaka ziwiri zilizonse n'kusamalidwa kwa zaka zitatu, pamene Laravel imatulutsa mtundu watsopano chaka chilichonse ndipo zokonza za chitetezo zimabwera kwa zaka ziwiri zokha.

Koma Mayi, sindikufuna kuti komiti yanu itaye nthawi pa mkangano wathu wa Django ndi Laravel, chifukwa zonsezi zingathe kugwira ntchito yanu bwinobwino. Bungwe la Baobab Health Trust linalemba dongosolo la zipatala logwiritsa ntchito makompyuta okhudza ndi chala mu Ruby on Rails, chida chimene ambiri kuno sankachidziwa, ndipo linatumikira odwala kwa zaka zambiri chifukwa panali gulu la Amalawi olimvetsa ndi kulisamalira. Chimene chinakupwetekani zaka zitatu zapitazo sichinali chida, chinali chakuti makiyi onse anali m'thumba la munthu mmodzi. Ngati katswiri wachiwiriyu angasungenso domain, seva ndi khodi (malangizo olembedwa amene amapanga pulogalamuyo) m'dzina lake, mudzabwerera pomwe munali, kaya walemba mu Laravel kaya mu chinenero chilichonse.

Pali mayeso aang'ono amene mungachite nokha. Mupempheni akuonetseni dongosolo lina limene anamanga kale, ndipo pamalo olemba dzina kapena mudzi mulembepo mawu okhala ndi nkhodolero, kachizindikiro kam'mwamba kaja kamene kali m'mawu akuti ng'ombe, mwachitsanzo M'bang'ombe. Tsambalo likasokonekera kapena kuonetsa nambala 500, dziwani kuti katswiriyo amalumikiza mawu olembedwa ndi anthu mwachindunji ku malamulo a database, nkhokwe yosungira kaundula, ndipo mpata womwewo ndi umene akuba amalowera mwa njira yotchedwa SQL injection. Ndinaonapo ndi maso anga kalaliki akuchotsa nkhodolero m'mayina a anthu tsiku lonse chifukwa pulogalamu inkakana, osadziwa kuti kukanako kunali chizindikiro cha khomo losatseka.

A Tembo, Zomba | Lolemba, 6:05 madzulo

Ndilankhuleko ngati katswiri wogwira ntchito yofanana ndi ya amene mukuwakayikirawa, chifukwa nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Mtengo wowirikiza katatu usakudabwitseni, Mayi. Pa ntchito ngati yanuyi kulemba khodi sikufika ngakhale theka la thukuta. Gawo lalikulu ndi kuyeretsa zimene zili mu Excel, pamene munthu mmodzi walembedwa katatu m'malembedwe atatu osiyana, pena nambala ya foni yayamba ndi 0, pena ndi 265, pena yasowa manambala awiri. Kenako pamabwera kudikira makalata a kampani yolumikiza malipiro, kuyesa, kuphunzitsa msungichuma, ndi kuyankha mafoni miyezi itatu yoyamba. Funsani katswiri aliyense ngati mtengo wake waphatikiza zimenezi, chifukwa wotsika mtengo nthawi zambiri amakhala kuti wazisiya kunja.

Ndikupemphaninso kuti komiti isankhe munthu mmodzi wolankhula ndi katswiriyo. Ndinagwirapo ntchito ndi bungwe lina pamene wapampando ankafuna ichi, msungichuma icho, ndipo membala wina wa komiti ankabwera ndi maganizo atsopano Lachisanu lililonse. Ntchito ya miyezi itatu inatha miyezi isanu ndi inayi, ndipo ndalama zomaliza sindinalandire mpaka lero. N'chifukwa chake ine ndimapereka khodi pokhapokha ndalama zonse zitalowa, ndipo pamenepa ndikusiyana maganizo ndi Naphiri.

Naphiri, Blantyre | Lolemba, 7:20 madzulo

A Tembo, dandaulo lanu ndikulimva, ndipo nanenso ndinadyeredwapo ndalama. Koma kusunga khodi yonse mpaka kumapeto kumateteza inu nokha n'kusiya kopaletivi pamtetete, chifukwa mukadwala kapena mukapeza ntchito kunja pakati pa ulendo iwo atsala ndi malisiti okha. Njira imene yandithandiza ine ndi yakuti bungwe litsegule akaunti yake pa GitHub kapena GitLab, malo osungira khodi pa intaneti, lindiitane ngati mlendo wogwira ntchito, ndipo ntchito igawidwe m'zigawo zinayi kapena zisanu zolipidwa chilichonse pachokha. Mgwirizano unene kuti umwini wa khodi ya chigawo chilichonse umasamukira ku bungwe chigawocho chikalipidwa. Akasiya kulipira ine ndimasiya kulemba, ndipo chimene ndingataye ndi chigawo chimodzi, osati miyezi isanu ndi inayi. Malo amenewa amagwiritsa ntchito pulogalamu ya Git, imene Linus Torvalds anailemba mu 2005, ndipo imasunga mbiri ya kusintha kulikonse pamodzi ndi tsiku ndi dzina la wosintha, choncho pakabuka mkangano pali umboni wa ntchito imene inagwiridwa.

A Nkhoma, Johannesburg | Lachiwiri, 6:41 m'mawa

Palibe amene wakhudza za kumene dongosololi lidzakhale, ndipo kumeneko n'kumene ndalama zimadontha chaka ndi chaka. Kuno ku South Africa makampani akuluakulu onse atatu obwereketsa maseva ali ndi malo awo: Microsoft Azure inatsegula mu 2019, AWS inatsegula ku Cape Town mu 2020, ndipo Google Cloud inatsegula kuno ku Johannesburg mu 2024. Ndi pafupi ndi kwathu ndipo ndi odalirika, koma amalipiritsa m'ndalama zakunja. Tonse tikukumbukira kuti mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti nthawi imodzi, ndipo aliyense wolipira seva m'madola anaona bilu yake itakwera popanda kuwonjezera kanthu kalikonse. Vuto lina ndi lakuti ngakhale ndalama muli nazo mu akaunti, khadi la ku banki likhoza kukana kulipira kunja pamene ndalama zakunja zasowa, ndipo seva yosalipiridwa imatsekedwa. Choncho musanasaine mudziwe kuti bilu ya pamwezi ndi zingati, ndi ya ndalama ziti, ndipo ikulipidwa ndi khadi la ndani.

Musadalirenso malo aulere. Kampani ya maseva ya Heroku inali ndi gawo laulere limene anthu ambiri anaikapo mapulogalamu aang'ono, ndipo inalitseka mu November 2022.

Ena adzakuuzani kuti mugule kompyuta muiike mu ofesi ku Mchinji kuti muthawe madola. Ine sindingavomereze. Seva yolandira mauthenga a malipiro iyenera kukhala maso usiku ndi usana, ndipo tikudziwa mmene magetsi anavutira namondwe wa Ana ataononga siteshoni ya Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Sola ndi mabatire zingathandize pa magetsi, koma netiweki ya mu ofesi ikadukanso mauthenga sadzafika. Pa ntchito yanu seva imodzi yaing'ono yobwereka, yotchedwa VPS, ndi yokwana, kaya kwa kampani ya kwathu yolipiritsa m'makwacha kaya kunja.

Chimene ndikufuna muchigwiritsitse ndi backup, kope la zonse losungidwa padera. Mu March 2021 moto unapsereza nyumba imodzi ya maseva a OVHcloud ku Strasbourg, ndipo makasitomala ena anataya zonse chifukwa makope awo osungira anali pamalo omwewo amene anapsa. Kope la database yanu lizitengedwa usiku uliwonse n'kutumizidwa kwina kosiyana ndi kumene seva ili, ndipo kamodzi pa sabata msungichuma azitsitsa kope lina n'kulisunga mu ofesi. Backup imene simunayesepo kuibwezeretsa musaiwerengere. Katswiriyo aibwezeretse pa seva yopanda kanthu komiti ikuona.

A Kwenda, Kasungu | Lachiwiri, 10:15 m'mawa

Ine ndine wowerengera ndalama, sindilemba mapulogalamu, koma ndakhala ndikufufuza mabuku a mabungwe angapo ogwiritsa ntchito madongosolo otere, ndipo zolakwika zimene ndimapeza ndi zofanana pafupifupi kulikonse.

Chimene chimandipweteka mutu kwambiri ndi malipiro olembedwa kawiri. Kampani ya malipiro ikatumiza uthenga ku seva yanu ndipo yankho likachedwa, imaganiza kuti uthengawo sunafike n'kuutumizanso. Ngati katswiri sanaganizire zimenezi, mlimi amene walipira kamodzi amaoneka ngati walipira kawiri, ngongole yake n'kutsika molakwika, ndipo mudzazindikira pakutha pa chaka pamene ndalama za mu akaunti sizikugwirizana ndi za m'kaundula. Mankhwala ake ndi osavuta: malipiro alionse amabwera ndi nambala yawo yapadera, ndipo database iyenera kukana kulemba nambala imodzi kawiri. Zimachitikanso kuti uthenga sufika n'komwe chifukwa seva inali itagwa, choncho payenera kukhala tsamba lofananiza kaundula wanu ndi sitetimenti ya kampani ya malipiro, loonetsa zimene zili uku koma kulibe uko. Msungichuma sadzasiya kufananiza, koma adzakhala akuyang'ana mizere isanu m'malo mwa mazana.

China ndi kasungidwe ka ndalama. Makompyuta akamawerengera manambala a madesimo mwa njira yotchedwa float, kuphatikiza 0.1 ndi 0.2 kumatulutsa 0.30000000000000004, ndipo tizotsalira totere tikaunjikana pa chiwongoladzanja cha anthu ambiri mabuku sagwirizana. Muuzeni asunge ndalama ngati matambala athunthu kapena agwiritse ntchito DECIMAL, njira ya mu database yosunga madesimo ndendende. Mufunsenso za nthawi. Maseva ambiri amayendera nthawi ya padziko lonse yotchedwa UTC, pamene ife tili patsogolo ndi maola awiri, choncho munthu wolipira 1 koloko usiku pa tsiku loyamba la mwezi angathe kulembedwa kuti analipira mwezi wathawo, ndipo malipoti a pamwezi amasokonekera.

Ndipo pasakhale batani lofufutira malipiro, ngakhale kwa wapampando. Cholakwika chizikonzedwa polemba mzere wina wobweza, woonetsa amene wabweza, tsiku ndi chifukwa chake, monga mmene timachitira m'mabuku a pepala.

A Mbewe, Lilongwe | Lachiwiri, 11:02 m'mawa

Ndiwonjezere chimodzi pa zimene a Kwenda anena. Adilesi imene seva yanu imalandirira mauthenga a malipiro ili pa intaneti, ndipo aliyense woidziwa angathe kutumizako uthenga wabodza wonena kuti walipira. Seva isakhulupirire uthenga uliwonse wofika. Iyenera kuyang'ana siginecha ya uthengawo, chidindo chotsimikizira kuti wachokeradi ku kampaniyo, kapena kufunsanso ku kampani ya malipiro ngati nambalayo ilidi yoona, isanachepetse ngongole ya munthu. Satifiketi ya HTTPS musalipire ndalama zapadera, chifukwa Let's Encrypt imapereka yaulere ya masiku 90 ndipo pulogalamu ya Certbot imaikonzanso yokha isanathe. Ngati mwasankha kudzera ku kampani yolumikiza malipiro m'malo molumikizana ndi Airtel ndi TNM payekhapayekha, onetsetsani kuti ili ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi, ndipo akaunti yolandirira ndalama ikhale ya kopaletivi, isakhale ya katswiri.

Nabanda, Mchinji | Lachiwiri, 4:48 madzulo

Zikomo kwambiri nonse, ndasindikiza mayankho anu kuti ndikawerengere komiti. Ndatsala ndi nkhawa imodzi imene ndinayamba nayo. Alimi athu ambiri ali ndi mafoni aang'ono a mabatani, ndipo ena alibe foni n'komwe. Kodi dongosololi lidzadziwa bwanji kuti ndalama zochokera pa foni ya mwana kapena ya ejenti ndi za mayi wakutiwakuti? Kampani yachitatu ija inatiuza kuti mlimi aliyense adzatsitsa app, koma ine ndikaganizira anthu amene ndimakhala nawo pa sikelo tsiku la msika sindikuona kuti zingatheke.

Naphiri, Blantyre | Lachiwiri, 6:30 madzulo

Mayi, inu mukuwadziwa alimi anu kuposa kampaniyo, ndipo mukuona bwino. App imafuna foni yamakono, bandulo ndi malo osungira, pamene alimi anu anazolowera kale kuimba *211# kapena *444#. Chinsinsi chake n'chakuti dongosolo lisazindikire munthu ndi nambala ya foni, koma ndi nambala ya umembala. Membala aliyense apatsidwe nambala yaifupi yolembedwa pa kakhadi, ndipo polipira ailembe pamalo ofunsa nambala ya akaunti, kaya akugwiritsa ntchito foni ya ndani. Funsani katswiriyo ngati njira yolandirira ndalama imene wasankha ikulola kulemba nambala yotere. Ndi bwinonso kuti nambala yomaliza ikhale yotsimikizira zinzake, monga zilili pa makhadi a ku banki, kuti munthu akalakwitsa batani limodzi dongosolo likane m'malo molipirira ngongole ya mnzake. Ndalama zofika popanda nambala yolondola zizikhala pa mndandanda wapadera mpaka msungichuma atapeza mwini wake. USSD yanuyanu, nambala yoimba ngati *211# ija, ndi yotheka, koma ili ndi ndalama za pamwezi ndipo tsamba limodzi silipitirira zilembo 182, choncho ndikanati muyambe ndi SMS n'kudzaona chaka chamawa.

Pa SMS pali kanthu kamene kanandidyera ndalama ndisanakadziwe. Uthenga umodzi umanyamula zilembo 160 ngati zonse zili m'gulu la zilembo wamba za GSM. Koma mukangoikamo chilembo chimodzi chimene mulibe m'gululo, monga ŵ wa m'mawu akuti Malaŵi, uthenga wonse umasinthira ku kalembedwe kena kamene kamanyamula zilembo 70 zokha, ndipo uthenga wautali umadulidwa m'zidutswa za zilembo 67. Uthenga wa zilembo 150 umene ukanakhala umodzi umasanduka itatu, ndipo mumalipira katatu. Choopsa kwambiri kwa ife olemba Chichewa ndi nkhodolero yopindika imene Word imaika yokha mukalemba m'mawa kapena n'chifukwa, popeza nayonso mulibe m'gululo pamene yoongoka ilimo. Ine ndinakopera uthenga kuchokera mu Word n'kuutumiza kwa anthu ambiri, ndipo ndinazindikira nditaona kuti ndalama za mwezi wonse zatha m'masiku ochepa. Katswiri wanu aike kowerengera koonetsa kuti uthenga ukhala zidutswa zingati musanautumize.

Musaiwalenso kuti mukusunga mayina, nambala za foni ndi ngongole za anthu. Kuyambira mu 2024 tili ndi lamulo la Data Protection Act, ndipo MACRA ndi imene inapatsidwa udindo woliyang'anira. Lili ndi ndime zokhudza kutumiza zinsinsi za anthu kunja kwa dziko, choncho ngati seva idzakhala ku South Africa kapena ku Ulaya, loya amene awerenge mgwirizano wanu ayang'anenso mbali imeneyo. Uthenga wonena ngongole upite ku nambala imene membala mwini wake anavomereza, osati ku foni iliyonse imene yatumiza ndalama, chifukwa ejenti wa pamsika sayenera kudziwa ngongole ya munthu.

A Tembo, Zomba | Lachitatu, 8:12 m'mawa

Ndagona ndikuganizira zimene Naphiri ananena Lolemba, ndipo ndavomera kuti kulipira m'zigawo ndi khodi ili pa akaunti ya bungwe n'kwachilungamo kwa onse awiri, bola mgwirizano unene masiku amene bungwe liyenera kulipira chigawo chikaperekedwa. Mayi, mu mgwirizanowo mulembenso ndalama zosamalira dongosolo mwezi ndi mwezi, chifukwa pulogalamu si nyumba ya njerwa yoti mukamanga mwatha. Mu December 2021 panapezeka chibowo choopsa mu Log4j, kachidutswa kaulere kamene kanali m'mapulogalamu osawerengeka a Java, ndipo akatswiri padziko lonse anachezera kukonza. Zotere zidzachitikanso pa chida chilichonse, ndipo payenera kukhala munthu wolipidwa amene udindo wake ndi kudzuka tsiku limenelo. Mgwirizano unene kuti vuto loimitsa malipiro aliyankhe m'maola angati, ndipo vuto laling'ono m'masiku angati.

Musanapereke ndalama zomaliza, lembani katswiri wina wosadziwana naye kwa tsiku limodzi. Mumupatse khodi, malangizo olembedwa ndi backup ya usiku wathawo, ndipo aimike dongosolo lonse pa seva yatsopano osaimbira foni mnzakeyo. Akatha, ndiye kuti mwalandiradi ntchito yanu. API nayonso ifotokozedwe mu kalembedwe kodziwika kotchedwa OpenAPI, ndipo pakhale mayeso a mu pulogalamu yoyesera ya Postman amene wobwera m'mbuyo angathe kuyendetsa. Pa za msonkho, pemphani TPIN ya katswiriyo ndipo mugwirizane poyamba za msonkho umene mudzadula polipira, kuti pasadzakhale kukwiyirana pa invoisi yoyamba.

Nabanda, Mchinji | Lachisanu, 3:26 madzulo

Ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera. Tinawaimbira onse atatu Lachinayi. Woyamba anatiuza moona mtima kuti kaundula wa ngongole sanamangepo, ndipo tagwirizana kuti mwina adzatipangira tsamba lodziwitsa anthu za kopaletivi mtsogolomu. Kampani yachitatu inakana kulemba mtengo m'makwacha ndipo inati khodi imakhala yawo, ife tizingolipira chilolezo chaka ndi chaka, choncho komiti yaisiya.

Wachiwiri anabwera ndi laputopu yake. Ndinalemba M'bang'ombe pa dongosolo lake lakale ndipo linalandira bwinobwino. Msungichuma atamufunsa za uthenga wofika kawiri, anayesa pomwepo ife tikuona, ndipo malipiro analembedwadi kawiri. Sanabise, anati ndi cholakwika chake, ndipo m'mawa wa lero watitumizira umboni kuti wakonza. Wavomera zigawo zinayi, GitHub ya kopaletivi, domain m'dzina lathu ndi kuyesedwa ndi katswiri wina, koma wapempha kuti ndalama zosamalira ziziunikidwanso miyezi isanu ndi umodzi iliyonse chifukwa cha kugwa kwa kwacha, ndipo komiti yaona kuti n'zomveka. Loya awerenga mgwirizano sabata yamawa.

Funso langa lomaliza ndi ili: maakaunti onsewa akufuna imelo, pasiwedi ndi foni yolandirira manambala otsimikizira. Tiike foni ya ndani, popeza komiti yathu imasankhidwanso pakapita zaka zingapo?

A Nkhoma, Johannesburg | Lachisanu, 5:03 madzulo

Musaike foni ya munthu aliyense payekha, ngakhale yanu, Mayi. Tsegulani imelo ya kopaletivi ndipo maakaunti onse alembetsedwe pa imeneyo, koma imelo yolembetsera domain isakhale pa domain yomweyo, chifukwa domain ikatha nthawi imeloyo imafanso ndipo chenjezo silingakufikeni. Gulani simu yolembetsedwa m'dzina la kopaletivi, muiike m'foni yaing'ono yokhala mu sefa, ndipo msungichuma aziitsegula kamodzi pa mwezi n'kuikamo mayunitsi kuti kampani isaitseke n'kupatsa wina nambalayo. Mapasiwedi asungidwe mu pulogalamu yosungira monga Bitwarden, pamene anthu awiri a komiti ali ndi ulamuliro, monga mmene mumachitira ndi osainira ku banki, ndipo katswiri akhale ndi akaunti yakeyake imene mungathe kuitseka osakhudza zanu. GitHub imapereka manambala opulumutsira, olowera nawo foni ikatayika, mukayatsa chitsimikizo chachiwiri. Asindikizeni pa pepala, muwaike mu envelopu yomata, wapampando ndi msungichuma asainire pamwamba. Tsiku lotha domain lilembedwe mu kalendala ya ofesi ndi mu mabuku a misonkhano, ndipo ngati akulola mulipiriretu zaka zingapo. Komiti yatsopano ikalowa, kusintha mapasiwedi ndi kupereka envelopuyo kukhale pa ndondomeko ya msonkhano woyamba, pamodzi ndi kusintha osainira ku banki.